Telesikopu ingafufuze bwanji chinthu chosaoneka?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yokhala ndi funso ili: "Ndamva kuti asayansi akutumiza matelesikopu m'mlengalenga kukafufuza dark energy, komanso akuti chinthucho sichioneka. Nanga telesikopuyo ikaona chiyani?" Mwafunsa bwino, ndipo yankho lake ndi lakuti palibe telesikopu imene idzajambule dark energy, mphamvu yosaoneka imene ikukankha thambo kuti lifutukuke. Chimene makinawa amayeza ndi mmene thambo lakhala likufutukukira kuyambira kalekale.

Mu 1929 Edwin Hubble anasonyeza kuti milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi, ikutalikirana nafe, ndiponso kuti yakutali ndiyo ikuthawa mwaliwiro kwambiri. Akatswiri ankayembekezera kuti liwirolo likucheperachepera, popeza mphamvu yokoka imakokera zinthu pamodzi. Koma mu 1998 magulu awiri, lina la Saul Perlmutter, linalo la Brian Schmidt ndi Adam Riess, atayeza kuwala kwa nyenyezi zophulika zakutali, anapeza kuti nyenyezizo zinali zozirala kuposa mmene ankayembekezera, kusonyeza kuti kufutukukako kukuwonjezera liwiro. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2011. Choncho dark energy, mphamvu ya mdima, ndi dzina chabe limene linaperekedwa kwa chinthu chosadziwika chimene chikukankha thambolo, ndipo akuchiwerengera kuti ndi magawo pafupifupi 68 pa magawo 100 alionse a zonse zimene zilipo.

Pamene pagona nkhani ndi apa: kuwala kumatenga nthawi kuti kutifike, motero woyang'ana kutali akuyang'ananso kale. Telesikopu ya Euclid, imene bungwe la European Space Agency linaitumiza pa 1 July 2023 kuchokera ku Cape Canaveral ku America, ili pamtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kudziko lapansi, ndipo ntchito yake ya zaka 6 ndi kujambula milalang'amba mabiliyoni m'gawo limodzi mwa magawo atatu a thambo, ina mwa iyo kuwala kwake kutayenda zaka 10 biliyoni.

Njira imene imandichititsa chidwi kwambiri ndi yoyeza maonekedwe a milalang'ambayo. Kuwala kukamadutsa pafupi ndi zinthu zolemera kumakhota pang'ono, moti mlalang'amba umene uli kuseri kwake umaoneka ngati wakokedwa mbali imodzi. Kukokekako n'kochepa zedi, ndipo mlalang'amba umodzi sungakuuzeni kanthu chifukwa uli kale ndi maonekedwe akeake; koma yambirimbiri ikapendekera mbali yofanana, asayansi amadziwa pamene zinthu zaunjikana, ngakhale zosaoneka. Akayerekeza mapu a nyengo zosiyanasiyana amaona mmene mphamvu yosonkhanitsa ndi mphamvu yomwaza zakhala zikulimbirana.

N'chifukwa chake telesikopu yotereyi imafunika kukhala kunja kwa mpweya wozungulira dziko. Taganizirani kamwala kamene kali pansi pa madzi oyenda: mukakayang'anitsitsa kamaoneka ngati kakugwedera, m'mbali mwake mukusinthasintha, chikhalirecho kangokhala phee. Mpweya umachitanso zomwezo ndi kuwala kwa nyenyezi, ndipo kugwedera kumeneku kumasokoneza kukhota kochepa kumene akufuna kuyeza.

Funso limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse ndi lakuti kaya mphamvuyi ndi yosasintha, monga nambala imene Albert Einstein anaiika m'masamu ake mu 1917, kapena imasintha ndi nthawi. Zotsatira za kafukufuku wa DESI, wochitikira pa Kitt Peak ku Arizona, zinasonyeza mu 2024 ndi mu 2025 kuti mwina ikufooka, ngakhale kuti umboniwo sunafike pokhutiritsa onse. Pamenepa ndi pamene Euclid idzathandize, pamodzi ndi telesikopu ya NASA yotchedwa Nancy Grace Roman, imene galasi lake ndi lalikulu mamita 2.4 ngati la telesikopu ya Hubble, koma yokhoza kujambula nthawi imodzi dera la thambo lalikulu kuwirikiza ka 100.