Mivi yanga ikupindika, nditani?

Funso: Achimwene, ndili ku Rosettenville kuno ku Joni, ndimasema mivi yansungwi koma mvula ya Disembala ikangoyamba basi yapindika ngati chikwakwa. Ndilakwitsa pati?

Yankho: Aise, nsungwizo zikumwa chinyezi. Ziwongoleni kaye pamoto wamakala pang'onopang'ono osapsereza, mukwechese ndi sandipepa yosakhakhala kwambiri ya nambala 220, kenako mupake vanishi ya polyurethane ndi kansanza, mopyapyala, katatu, ulendo uliwonse muziimika muvi uume tsiku lonse, kuthamanga ayi. Kumapeto kodulako musaiwale, madzi amalowera pomwepo. Phula la njuchi ndi mafuta a linseed (opaka matabwa) zimawalitsa bwino inde, koma guluu wa nthenga sagwira pamafuta, ndiye matani nthenga kaye. Kansanza ka linseed musakaunjike, kamayaka kokha!