Pinotage ndi nyama ya mbuzi

Achimwene ena amene akugwira ntchito ku Cape Town andilembera. Agula mabotolo awiri a Pinotage, vinyo wofiira wa ku South Africa, oti akapite nawo kumudzi pa Khirisimasi, koma mnzawo wawaseka kuti vinyo ameneyu amanunkha tayala lopserera, ndiponso sayenda ndi nsima. Funso lawo: ndikamwere chakudya chanji?

Achimwene, kalata yanu yandigwira pamtima, chifukwa mawu a mnzanuwo ndinawamvapo ndi makutu anga. Ndinafika ku Stellenbosch, tauni ya minda ya mphesa pafupi ndi Cape Town, ndili mtsikana, ntchito yanga kupukuta matambula pamalo ena odyera. Tsiku lina mlendo wa ku Ulaya ananunkhiza Pinotage amene ndinamuthirira, nkukankha tambulayo ndi zala ziwiri, akuti uyu si vinyo. Abwana anaseka naye limodzi. Ndinabweza botololo kukhitchini manja akunjenjemera, ngati mphesazo ndinalima ndine.

Amene anandichotsa manyaziwo ndi bambo wina wachikulire wogwira ntchito m'munda wa mphesa. Inali February, nthawi yokolola, zikhatho zawo zili bii ndi madzi a mphesa osachoka ndi sopo. Lamulungu anandiitana kwawo. Anakoleza moto ndi zitsa za mphesa zakale, naikapo nthiti za nkhosa ndi soseji ya boerewors. Mafuta akudontha pamakala, anandipatsa Pinotage m'kapu wamba, nati ndiyambe ndaluma nyama. Khambi lonse limene ndinkaliopa linasungunuka m'mafuta aja, mkamwa munatsala kukoma kwa mabulosi akupsa ndi kautsi pang'ono. Mpaka lero fungo limenelo sindinaliiwale.

Ndi iwo amene anandiuza kuti mphesa imeneyi inabadwira pomwepo. Mu 1925 Abraham Perold, mphunzitsi wa ulimi wa mphesa pa yunivesite ya Stellenbosch, anakwatitsa mitundu iwiri ya ku France: Pinot Noir, wokoma koma wovuta kulima kotentha, ndi Cinsaut, wopirira dzuwa, amene alimi a kumeneko ankamutcha Hermitage. Dzina la Pinotage ndi zidutswa za maina awiriwo, Pinot ndi Hermitage. Panatuluka njere zinayi zokha, ndipo anazidzala pakhomo pake ku Welgevallen, famu ya yunivesiteyo. Atasamukira ku KWV, bungwe la alimi a mphesa panthawiyo, ku Paarl mu 1927 mundawo unalowa tchire, timitengo tija tikanadulidwa pakanapanda mphunzitsi wina, Charlie Niehaus, kutipulumutsa. Vinyo woyamba anafulidwa ku sukulu ya zaulimi ya Elsenburg mu 1941, ndipo dzinali linayamba kuoneka pabotolo mu 1961, la vinyo wotchedwa Lanzerac.

Kodi za fungo loipalo ndi bodza? Ayi, zinachitikadi. Pinotage ali ndi makoko okhuthala ndipo amawira msanga mumgolo. Wofulula akatayirira, vinyo amatuluka ndi fungo la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Kale otere analipo ambiri. Koma Beyers Truter, amene panthawiyo ankafulula vinyo pa famu ya Kanonkop, anaonetsa dziko kuti vuto linali manja, osati mphesa, ndipo mu 1991 anapatsidwa mphotho ya wofulula vinyo wopambana pampikisano wa ku London. Mnzanuyo akungobwereza zomva, ndipo ndikukayika ngati analawapo wabwino. Chimandiwawa nchakuti tikufulumira kunyoza chomera munthaka ya Africa, pamene chilichonse cholembedwa Chifalansa timachigwadira tisanachitsegule. Abale athu angati akutengulira mphesazi m'chisanu cha July, mvula ili m'khosi, osauzidwa kuti ntchito ya manja awo ndi yonyaditsa?

Pali mtundu wina wonunkhira khofi ndi chokoleti, umene famu ya Diemersfontein ya ku Wellington inautchukitsa kuyambira 2001. Fungolo limachokera ku matabwa a oak owaulidwa. Ambiri amaukonda, ine ayi, chifukwa umabisa mphesa yeniyeniyo.

Nanga mumwere chiyani?

Mbuzi, achimwene. Yootcha pamakala ngati kanyenya, kapena yophika mpaka kulekana ndi fupa, msuzi wa tomato ndi anyezi uli wokhuthala. Mang'ina nawonso amayenda bwino. Nsima ilibe mlandu, siilimbana ndi vinyo. Chofunika ndi ndiwo. Tsabola wa kambuzi muchepetse, chifukwa vinyoyu mphamvu yake imafika cha m'ma 14 peresenti ndipo imakolezera moto wa tsabola. Pa chambo musatsegule, khambi limapha kukoma kwa nsomba; pamenepo pezani vinyo woyera wa Chenin Blanc wozizira. December kwathu kumatentha, choncho botolo likhale mufiriji mphindi 20 musanathire.

Ndipo ngati mukwera basi yodzera ku Beitbridge ndi Tete, mabotolowo muwakulunge m'zovala pakati penipeni pa chikwama. Dzuwa la ku Tete limaphika vinyo ali m'botolo. Mukafika muwaike pansi pozizira masiku awiri, apongozi asanayambe kusenda mbuzi.