Kompyuta imene ili m'kati mwa browser, tiitchule chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene ali ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta makalata pa Kamuzu Road. Akuti mphwawo wawaonetsa chinthu chachilendo: ukatsegula Chrome, browser (pulogalamu yotsegulira mawebusayiti) ija, n'kulemba pasiwedi, pakubwera desktop yathunthu, mafoda ndi mapulogalamu omwe, pamene pa laputopu yawo sanaikepo kalikonse. "Makasitomala akandifunsa ndiziti ndi chiyani? Webusayiti kapena kompyuta?"

Achimwene, musadzione ngati otsalira. Eni ake a zinthuzi nawonso dzina likuwavuta mpaka lero.

Cha m'ma 2005 anyamata ena a ku Spain anatulutsa eyeOS, ndipo posakhalitsa kunabweranso YouOS ndi G.ho.st. Onsewa anali mawebusayiti ooneka ngati kompyuta yathunthu, ndipo ankakonda mawu oti "web OS" kapena "webtop". Kwa ine dzina loti OS linali kudzikweza chabe. OS yeniyeni, monga Windows kapena Linux, ndi imene imadzutsa makina, kulankhula ndi kiyibodi, pulinta ndi batire. Tinthu timeneti sitinkatha kuyatsa ngakhale kompyuta imodzi. Tinkadikira Windows idzuke, browser itseguke, ndiye tidzaonekere. Mlendo wogona pabalaza akudzitcha mwini nyumba. YouOS inatsekedwa mu 2008, G.ho.st mu 2010.

Zimene mphwanuyo wakuonetsani mwina ndi za mtundu wina. Amazon ili ndi WorkSpaces, ndipo mu 2021 Microsoft inatulutsa Windows 365, imene anaitcha "Cloud PC". Apa si tsamba lovala chigoba cha kompyuta ayi. Windows yeniyeni ikugwira ntchito m'makina awo kutali uko, inu mukungolandira chithunzi chake ndi kutumiza zimene mwadina. Mumalipira monga lendi. Musasokonezenso ndi Chromebook, imene inayamba kugulitsidwa mu 2011: iyo ndi laputopu yogwirika ndi manja, yokhala ndi OS yakeyake.

Chifukwa chiyani maina ambirimbiri? Kampani ikabwera ndi katundu watsopano imakhala pa mphambano. Ikabwereka dzina la chinthu chakale, anthu amamva msanga, koma amayembekezeranso kuti chichite zonse zimene chakalecho chimachita. Ikapeka dzina lake, imaoneka yoyamba pamsika, koma iyenera kutaya ndalama kuphunzitsa anthu tanthauzo lake.

Ife kuno timathana nazo mosavuta, ndipo satifunsa n'komwe. TV itafika tinangoti wailesi ya kanema. Lamya itachoka pa waya n'kulowa m'thumba inakhala foni ya m'manja. Ndipo taonani pa depoti pa Salima pompano: kabaza inali njinga yakapalasa yokhala ndi katsamiro kumbuyo, koma njinga zamoto zitachuluka palibe anakhala pansi kupeka dzina lina. Zinangolowa m'dzina lomwelo, chifukwa wokwera sasamala za injini, akufuna kukafika ku chipatala kapena ku msika. Timatchula chinthu ndi ntchito yake, tikatero timawonjezera kamawu kosiyanitsa.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanati "kompyuta ya lendi ya pa intaneti". Mawu oti mtambo, omasulira "cloud" uja, asiyeni. Mayi wobwera kudzataipitsa kalata yofunsira ntchito mukamuuza kuti kalata yake ili mumtambo, adzayang'ana kumwamba kenako adzakuyang'anani inu. Koma lendi aliyense amaidziwa: nyumba si yako, ukasiya kulipira amakhoma chitseko, ndipo katundu wako amatha kutsekeredwa momwemo.

Dzinali likukumbutsaninso chinthu chimene otsatsa malonda sanena mokweza. Tsiku lina ndinkayesa imodzi mwa ntchitozi ndili ku Senga Bay, foni ndi imene inkapereka intaneti ku laputopu. Netiweki itafooka, ndinkalemba liwu n'kudikira, zilembo n'kumabwera pambuyo ngati ana otopa paulendo. Bandulo itatha, desktop yonse inangoti zii, laputopu ili chiyakire, batire lodzadza, koma kalata imene ndinkalemba sindikanatha kuifikira. Sinatayike, inali bwinobwino kwa eni nyumba. Ine ndi amene ndinali panja.

Choncho musanalembe chilichonse pachikwangwani cha shopu, mufunseni mphwanuyo kuti akulipira zingati pamwezi, ndiponso ngati pulinta yanu ija ikumvana nayo. Mafayilo a makasitomala pitirizani kuwasunganso pa fulashi.