Kamera kapena kompyuta? Yankho kwa achimwene ojambula maukwati amene andifunsa za AI ndi Unreal

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe amene amajambula maukwati ndi mavidiyo a oyimba. Akuti akhala akusunga kandalama kuti agule kamera yabwinoko, koma pa YouTube akungomva zoti mafilimu masiku ano akupangidwa ndi AI ndi ma game engine, zopita kumalo kukajambula zatha. Nde akufunsa kuti zinthuzi zimayenda bwanji kwenikweni, ndipo agulebe kamerayo kapena ndalamazo aponye pa kompyuta.

Achimwene, anthu a pa YouTube aja amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, game engine ndi generative AI si zapachibale ayi, nde tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Game engine ndi pulogalamu yopangira magemu. Imene yalowerera kwambiri m'mafilimu ndi Unreal Engine ya kampani ya Epic Games, yomwe ija imayendetsa Fortnite. Mphamvu yake ndi yoti imaonetsa dziko la 3D pompopompo, ukatembenuka mu gemu zonse zimatembenuka nthawi yomweyo, palibe zosiya kompyuta ikurenda, kutanthauza ikupanga zithunzizo, usiku wonse. Amene anaonetsa dziko lonse kuti zimenezi zingagwire ntchito pa filimu ndi anthu a The Mandalorian, imene inatuluka pa Disney+ mu 2019. A ILM, kampani ya ma effect a Star Wars, anamanga chipupa chokhota cha masikirini a LED okwana 1,326, msinkhu wake mamita 6, m'mimba mwake mamita pafupifupi 23, pamwamba n'kuikaponso denga la masikirini. Ochita sewero amaima pakati, pansi athirapo mchenga weniweni ndi timiyala, kumbuyo kwawo chipupa chikuonetsa chipululu chomangidwa mu Unreal. Zoposa theka la season yoyamba anajambulira momwemo, m'situdiyo ku Los Angeles.

Tsono chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Kamera ija kompyuta imaitsatira, imadziwa pamene ili ndi kumene yaloza, nde wojambula akangosuntha pang'ono kumanzere chithunzi cha pachipupa chimasinthanso, mwala wapafupi umasuntha msanga phiri lakutali limasuntha pang'onopang'ono, mmene zimaonekera muja ukakhala pawindo la minibasi, ndipo diso limakhulupirira kuti kumbuyoko kuli mtunda pomwe ndi chipupa basi. Chinanso ndi kuwala. Inu mwagwiritsapo green screen, nsalu yobiriwira ija yoika kumbuyo kwa munthu kuti pambuyo muikepo malo ena, pa vidiyo ya woyimba, mukudziwa kagirini kaja kamene kamakanirira m'mphepete mwa tsitsi ndi pa tcheni cha m'khosi, kuti mukachotse mumachezera. Nde munthu wamkulu wa mu The Mandalorian amavala chisoti ndi zovala zachitsulo zonyezimira thupi lonse, pa green screen akanangosanduka wobiriwira. Pachipupa cha LED chisoticho chimanyezimira chipululu chenichenicho, nkhope imalandira kuwala kwa malowo, ndipo dzuwa lolowa lija limene inu mumalithamangira pa ukwati lisanabisale, iwo amatha kuliimika pamalo amodzi tsiku lonse.

Koma musaganize kuti ntchito yachepa. Yangosamuka, yabwera kutsogolo. Kale ankajambula kaye ma effect n'kubwera pambuyo, pano phiri, msewu, mitambo, zonse zizikhala zomangidwa kamera isanayatsidwe, ndipo omanga zimenezo ndi anthu odziwa kuwala ndi ma lens. Chilinso ndi malire ake, dzuwa lamasana lowawa lija masikirini satha kulitulutsa bwino, munthu sangathamange mtunda wautali akagunda chipupa, ndipo ndalama zake ndi magetsi ake si zathu ife pakadali pano.

Generative AI ndi nkhani ina. Apa simumanga kalikonse, mumalemba mawu iyo n'kukupatsani timasekondi ta vidiyo. OpenAI anaonetsa Sora mu February 2024, Google anatulutsa Veo 3 mu May 2025 yotulutsa ndi mawu omwe, palinso Runway. Ndipo zalowa kale m'mafilimu enieni, mu July 2025 bwana wa Netflix Ted Sarandos ananena kuti mu El Eternauta ya ku Argentina, pamene nyumba ikugwa mumzinda wa Buenos Aires anagwiritsa ntchito AI, ndipo zinatha msanga kakhumi kuposa njira yakale. Nde sindikunamizeni kuti ndi zachibwana, ayi.

Vuto lake ndi kumvera. Mu Unreal mtengo umene mwauika lero mawa muupeza pomwepo, mutha kuuzungulira ndi kamera mbali zonse. AI mukaipempha shot yachiwiri ya munthu yemweyo, mupeza nkhope yasintha pang'ono, chitenje chasintha maluwa, chitseko chinali kumanja chapita kumanzere, nde pa kavidiyo kamasekondi ochepa zimabisika koma filimu ndi ma shot mazanamazana amene ayenera kugwirizana. Akukonza, ndipo akukonza mwachangu, komabe pamene ndikuona kuti imathandiza kwambiri panopa ndi pokonzekera, kuonetsa woyimba mmene vidiyo yake ionekere musanabwereke galimoto, kupanga mitambo kapena mzinda wakutali wakumbuyo, kufufuta waya wa magetsi umene walowa mu shot.

Pali chinthu china chimene sindingachisiye. Mu 2023 olemba mafilimu ku Hollywood ananyanyala ntchito masiku 148, ochita sewero masiku 118, ndipo AI inali imodzi mwa nkhani zikuluzikulu. Ochita sewero anapambana zoti kampani isakope nkhope kapena mawu a munthu popanda chilolezo chake ndi malipiro. Inu achimwene muli ndi nkhope za anthu ambirimbiri m'ma hard drive anu, akwati, azimayi a kumpingo, ana. Chonde musadzatenge nkhope ya munthu n'kuiponya mu AI osamupempha, ngakhale zikhale zoyeserera chabe.

Nde kamera mugule? Gulani. AI inaphunzira kuchokera ku zithunzi za pa intaneti, ndipo kumeneko zakwathu kuno n'zochepa zedi. Mukaiuza kuti ikupatseni msika wa Lizulu ikupatsani msika wa ku Africa wosadziwika dziko, milu ya tomato ndi mbatatesi ija yoyalidwa m'mbali mwa M1 ndi amayi othamangira basi ndi mabeseni a kabichi iyo siizidziwa. Amene angajambule zimenezo ndinu. Ndipo kamera yomweyo ndi imene imadyetsa engine, pali app yaulere ya Epic yotchedwa RealityScan, mumazungulira chinthu mukuchijambula zithunzi zambiri, kaya ndi nkhokwe kaya ngolo kaya bwato la ku Senga Bay, iyo n'kuchisandutsa 3D yoti muilowetse mu Unreal. Zinthu zimenezo m'masitolo a pa intaneti ogulitsa zinthu za 3D simuzipeza wamba.

Chimene ndingakupempheni n'choti musathere ndalama zonse pa kamera yodula kwambiri, musiyeko ina ya kompyuta yokhala ndi graphics card yabwino, kachipangizo koyendetsa zithunzi za 3D kaja, olo yakaunjika. Unreal ndi yaulere ngati bizinesi yanu sipeza ndalama zoposa madola 1 miliyoni pachaka, kungoti ndi yolemera, kuidawunilodi kokha kumadya bandulo nde mupeze kumene kuli wifi. Kompyuta ikakhala yofooka yambani ndi Blender, pulogalamu ina yopangira zinthu za 3D, nayonso yaulere komanso yopepukirapo, ndipo musaiderere, filimu ya makatuni ya ku Latvia yotchedwa Flow inapangidwa mu Blender ndipo inapata mphoto ya Oscar mu 2025.

Poyeserera simufunika chipupa cha ILM. Bwerekani TV yaikulu, muiike kuseri kwa windo la galimoto yoima m'galaja, ionetse msewu ukuyenda umene mwajambula nokha, woyimba akhale pampando wakumbuyo. Zimitsani magetsi ena onse, focus ikhale pankhope osati pa TV kuti timizere tija tisaoneke, wina azigwedeza galimoto pang'ono wina azidutsitsa tochi ngati magalimoto odutsa, kamera isasunthe kwambiri poti TV yanu siitsatira kamera. Mukajambula munditumizire ndione.