Vallisneria wanga akusungunuka, ndimuzule?

Ndalandira imelo sabata yathayi kuchokera kwa m'bale wina, dzina ndilisunga. Akuti anagula Vallisneria, udzu wautali uja timadzala kumbuyo kwa thanki ya nsomba, nkuudzala mu mchenga mu thanki ya malita 100. Pano patha masabata awiri ndipo masamba ayamba kuoneka ngati pulasitiki wonyowa, ukawagwira akungothothoka mmanja. Akuthiranso liquid carbon, mankhwala amadzi a m'botolo opatsa zomera kaboni, tsiku lililonse poti anamva kuti zomera zimakula msanga. Funso lawo ndi lakuti, ndizule zonse ndikagule zina?

Achimwene, musazule. Chotsani kaye dzanja mu thankimo.

Poyamba tiyambe ndi botolo lanulo. Mankhwala ambiri amene amagulitsidwa ndi dzina loti liquid carbon amakhala ndi glutaraldehyde, mankhwala opha tizilombo ndi ndere, kapena zofanana nayo, ndipo zomera zambiri zimapirira koma Vallisneria ndi mmodzi mwa amene sagwirizana nayo ngakhale pang'ono, masamba ake amafewa nkusungunuka ndendende ngati mmene mwafotokozeramu. Ine zinandichitikirapo, ndinathira kuti ndiphe ndere imene inamera pagalasi, ndere inafadi koma patatha masiku ochepa udzu wanga wonse unagona pansi ngati wathiridwa madzi otentha. Ndiye siyani kuthira lero lomwe, musinthe madzi pafupifupi theka la thanki, basi. Chosangalatsa nchakuti udzuwu safuna nkomwe thandizo limenelo, umatha kudzitengera kaboni kuchokera ku mchere wotchedwa bicarbonate umene uli mmadzi, nchifukwa chake umasangalala mmadzi okhala ndi mchere wa laimu wambiri, pH (muyeso wa asidi mmadzi) ya 7 mpaka 8 kwa iwo ndi kunyumba, pamene zomera zina zanyada zimanyanyala.

Kenako viikani dzanja mmadzi kamodzi kokha muyang'ane mmene munadzalira. Pakati pa mizu ndi masamba pali kamalo koyera, ine ndimangoti khosi la chomera. Mizu ilowe pansi, khosi likhale pamwamba pa mchenga likuoneka. Anthu ambiri timakwirira mpaka khosi chifukwa udzuwu umavuta, ukangousiya umayandama, ndiye umakwiya nkuukankhira pansi kwambiri, koma khosi likakwiririka limaola ndipo masamba amaduka amodzi amodzi kuyambira pansi. Mmene ndimachitira ine, ndimaulowetsa mwakuya kaye kenako ndimaukoka pang'onopang'ono mmwamba mpaka koyerako kaonekere. Gwirani khosilo ndi zala ziwiri. Ngati lili lolimba ndiye kuti chomera chili moyo ngakhale masamba onse atatha. Ngati lafewa ndipo likununkha, chimenecho chokha ndiye mutaye.

Komanso dziwani kuti ngakhale mukanachita zonse bwino, kusungunuka kwa masabata oyamba nkwachibadwa. Chomera chachoka mmadzi ena chabwera mmadzi ena, kutentha kwina, kuwala kwina, masamba akale aja chimawataya nkuyamba atsopano ogwirizana ndi thanki yanu. Zimatha kutenga mwezi, nthawi zina kupitirira, chili chete ngati palibe chikuchitika pomwe pansi mizu ikugwira ntchito. Ndiye mukamazula tsiku ndi tsiku kuti muone ngati mizu yagwira, mukuchibwezera poyambira.

Masamba ofewawo muwadule ndi sizasi pansi penipeni muwatulutse asaolere mmadzi. Ndipo apa ndinenepo za kudula, poti mudzafikapo. Vallisneria si kapinga woti mumete pamwamba nkuphukanso mosangalala. Tsamba mukalidula pakati nthawi zambiri nsonga imachita bulauni ndipo silikongolanso, ndiye likatalika mpaka kugona pamwamba pa madzi nkumatchinga laiti, bola kuchotsa tsamba lonse lakalelo kuchokera pansi. Vallisneria americana masamba ake amapitirira mita imodzi, mu thanki yaifupi ndi chintchito. Ngati mumafuna udzu wamfupi wa kutsogolo ndiye Sagittaria subulata ndi wosavuta, koma Eleocharis, uja wopyapyala ngati tsitsi, amafuna laiti yamphamvu ndipo popanda kuwonjezera mpweya wa CO2 mmadzi amayenda ngati nkhono, musayambire pamenepo.

Chakudya: mchenga wamba mulibe kanthu. Udzuwu umadya kwambiri ndi mizu, choncho kwirirani ma root tabs, timibulu ta feteleza, pafupi ndi mizu, osati pakhosi, ndipo mchenga ukhale wakuya masentimita 5 kapena kuposerapo. Masamba atsopano akamatuluka otumbuluka, kawirikawiri ndi ayironi amene akuchepa. Laiti maola 7 kapena 8 patsiku yakwana, musaiyatse usana ndi usiku poganiza kuti mukuthandiza, mungolemeretsa ndere. Madzi akhale pakati pa madigiri 20 ndi 28. Simunandiuze nsomba zomwe muli nazo, koma ngati muli goldfish kapena nsomba zokumba mchenga, ikani timiyala mozungulira tsinde mpaka mizu igwire.

Chizindikiro choti zayenda si tsamba lalitali ayi. Tsiku lina mudzangoona kachingwe koyera kakukwawa pamwamba pa mchenga, kutsogolo kwake kachomera kakang'ono ka masamba awiri atatu, kenako kena, kenako kena, mzere ndithu. Musafulumire kudula chingwecho, mwana amayamwa kwa make mpaka atakhala ndi mizu yakeyake. Pakapita miyezi ingapo mudzandilemberanso imelo yodandaula kuti udzu wafika kutsogolo kwa galasi, ndipo wotsalawo mudzapatse anzanu kapena muumitse nkuutaya mu bini, osati mu mtsinje, umafalikira koopsa.

Mwina mukachita mwayi mudzaonanso duwa lake. Chomera chachikazi chimatumiza kaduwa pamwamba pa madzi pa kaphesi kakatali kopyapyala, chachimuna chimamasula timaluwa take tiyandame mpaka tikakumane nako, ndipo zikatheka kaphesi kaja kamapotana ngati sipuling'i nkukokera mbewu pansi pa madzi. Dzina loti spiralis, la mtundu wina wa Vallisneria, linachokera pamenepo, osati pa masamba monga ambiri amaganizira, ndipo loti Vallisneria linaperekedwa pokumbukira katswiri wa ku Italy Antonio Vallisneri. Kwanga kaduwako kanatulukapo kamodzi kokha, ndinkaganiza kuti ndi ulusi wagwera mu thanki, ndinatsala pang'ono kukakoka.