Kupweteka kwa kafupa kakumapeto kwa msana mutagwa chokhala

Pepani achemwali a ku Senga Bay. Mwati munaterereka m'bafa dzana n'kugwa chokhala, ndipo kukhala pansi kukuvuta. Chapwetekekacho ndi kafupa kakumapeto kwa msana. Sikamangidwa pulasitala, kamapola kokha: milungu pafupifupi 4 ngati kangopwetekeka, 8 mpaka 12 ngati kathyoka.

Nkhani yagona pa kakhalidwe. Pindani chitenje ngati nkhata, koma kumbuyo musiye mpata kuti kafupako kasagunde mpando, ndipo muziweramira kutsogolo pang'ono. Pamphasa ayi. Kabaza muyambe mwamuiwala, mabampu amadzutsa ululu. Pogona, gonerani chammbali.

Ikanipo ayezi wokulunga m'kansalu mphindi 15, katatu patsiku. Panado awiri pa maola 6 aliwonse, osapitirira 8 patsiku. Brufen imwani mutadya, koma ngati muli ndi zilonda zam'mimba kapena ndinu oyembekezera, musiyeni.

Ambiri amaiwala kudzimbidwa: kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka kafupako. Papaya, masamba ndi madzi ambiri zisasowe.

Mukamva dzanzi pakati pa miyendo, miyendo ikafooka, kapena mkodzo ukamatuluka wokha, thamangirani kuchipatala cha boma ku Salima tsiku lomwelo.