Mchimwene wanu akayezedwa ndi katswiri wa zamaganizo asanatuluke pa parole

Mayi, mwalemba kuti mchimwene wanu ali m'ndende ina kuno ku Johannesburg pa mlandu wogwiririra, ndipo anamaliza maphunziro osintha khalidwe, koma bodi ya parole (yomwe imaona zotulutsa mkaidi chilango chisanathe) yati nkhani yake idikire mpaka katswiri wa zamaganizo amuyeze. Mukufunsa ngati malamulo amalola zimenezi.

Amalola. Pansi pa Correctional Services Act 111 ya 1998, mkaidi akagwira theka la chilango chake, chimene amapeza ndi mwayi woti nkhani yake iunikidwe, osati chilolezo chotuluka. Gawo 42 limalamula komiti ya m'ndende kuuza bodi ngati munthuyo angabwerezenso mlandu, komanso chiopsezo chimene angabweretse kwa anthu. Lipoti la katswiri limathandiza kuyankha funso limeneli, ndipo woyezayo ayenera kukhala wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira akatswiri a zaumoyo ku South Africa.

Apa m'pamene mabanja ambiri amakhumudwa, choncho mundimvetsere bwino. Muyeso wina wodziwika, Static-99R, uli ndi mfundo 10 zochokera m'mbiri ya munthu: msinkhu wake, milandu yakale, ngati wolakwiridwayo anali mlendo kwa iye, ndi zina zotero. Zakale sizifufutika, kotero maphunziro aja satsitsa malikisi amenewa. Chimene chimaonetsa kusintha ndi mbali ina ya kuyezako: kodi akuvomereza zimene anachita, amadziletsa bwanji, mowa anausiya, akatuluka adzakhala ndi yani? Dziwaninso kuti muyesowu poyambirira unapangidwa pofufuza akaidi a ku Canada ndi ku Britain. Umanena za gulu la anthu ofanana naye, suwombeza za mawa la munthu mmodzi, ndipo loya wake angakumbutse bodi mfundo imeneyi.

Chonde musamuphunzitse mayankho. Katswiri amayerekeza mawu ake ndi zolembedwa za kukhoti, ndipo ndaonapo bodza laling'ono likugwetsa nkhani yomwe inali bwinobwino. Ngati Chingerezi chimamuvuta, apemphe womasulira asanayambe kuyezedwa.

Wolakwiridwayo nayenso ali ndi mawu. Gawo 299A la Criminal Procedure Act limamupatsa ufulu wopereka maganizo ake kubodi. Musamuyendere kapena kumutumira anthu kuti akamupepese mwamseri. Bala lake ndi lalikulu, ndipo kutero kungamupweteke kachiwiri, kungaonongenso nkhani ya mchimwene wanu.

Bodi ikamukaniza mchimwene wanu, apemphe zifukwa zolembedwa pasanathe masiku 90, malinga ndi lamulo la PAJA la 2000, loona kuti zigamulo za maofesi a boma zikhale zachilungamo. Zikaoneka kuti ndondomeko sinatsatidwe, angapite ku High Court pasanathe masiku 180, ndipo a Legal Aid South Africa amathandiza osowa ndalama ya loya. Khoti kawirikawiri limabweza nkhani kubodi kuti iunikenso, silimutulutsa lokha.

Akatuluka, dzina lake lidzakhalabe m'kaundula wa National Register for Sex Offenders, ndipo sadzaloledwa kugwira ntchito ndi ana. Ngati mapepala ake okhalira kuno anatha, a Home Affairs angamutengere ku Lindela, malo osungirako alendo opanda mapepala, kuti abwezedwe ku Malawi. Mundiuze za mapepalawo tisanafike tsiku la bodi.